Malata a Mkamwini

Mkono wa Benedeta unali utatha masiku khumi uli m'chikhakha pamene uthenga unafika woti atsibweni ake, a Nickson, akumufuna kumudzi Loweruka m'mawa. Ankhoswe a mwamuna wake anali atapempha kuti akhale pansi akambirane.

Uthengawo unamupeza pakhonde pa a Josephine, kuseri kwa msika wa Nsaru, akuswa mtedza ndi dzanja limodzi. Ankaupanikiza pabondo ndi chala chachikulu mpaka khoko liti phwa, kantchito kochepa n'kumutengera m'mawa wonse. Koma kukhala manja ali lende pakhomo pa eni kunkamuwawa kuposa fupa lothyokalo.

A Josephine anali mayi wamasiye, wogulitsa tomato ndi anyezi, wamtali, wosafulumira polankhula. Ndiwo ankatsogolera kagulu ka anthu khumi a m'midzi yozungulira, kothandiza amene achitiridwa nkhanza. Ankaperekeza anthu kupolisi ndi kuchipatala, ankayendera ana a m'mabanja ovutawo, ndipo kuchipinda chawo chakumbuyo kunkakhala bulangeti lodikira aliyense wothawa kwawo. Okonda kunena ankawatcha ogwetsa mabanja. Iwo ankangoseka, n'kuti banja lolimba silingagwe ndi mayi wa tomato.

Benedeta anafika pakhomopo tsiku limene mwamuna wake Isaki anamumenya ndi mpini kudimba, dzuwa lili paliwombo, amayi otunga madzi akuona. Mlandu wake unali woti nazale ya fodya inagona yosathirira, chifukwa iye anathamangira kuchipatala ndi Sara, mwana wawo wa zaka zinayi, thupi litatentha. Isaki anagona m'chitokosi masiku awiri, n'kutuluka pa belo, n'kubwerera kukagona m'nyumba momwemo podikira tsiku la khoti. Ichi ndicho chinkamudya Benedeta mumtima. Mudzi unali wa malemu amayi ake. Munda unali wa amayi ake. Isaki anachokera ku Chiwamba kudzakhala chikamwini, kachikwama kamodzi m'manja. Koma lero wogona m'nyumba anali mlendoyo, mwini mudzi akupempha madzi osamba kwa anthu.

"Ndipite?" anafunsa Benedeta, wobweretsa uthenga atachoka.

A Josephine ankasankha tomato wofewa n'kumaika pambali. "Inuyo mukufuna kupita?"

"Ndikufunsa inu, amayi."

"Ine ndikakuyankhani, make Sara, mawa mudzati anandituma ndi mayi wa tomato uja. Ntchito yathu ndi iyi: mukati mukupita, tikuperekezani, tikakhala pambali panu mpaka nkhani ithe. Mukati simupita, nditumiza mawu. Koma pakamwa ndi panu."

Benedeta anaswa mtedza wina, wina, n'kuti: "Ndipita. Ndatopa kuona mudzi wathu m'maloto."

Ananyamuka Loweruka dzuwa lisanakwere, Sara atamusiya kwa oyandikana nawo nyumba. Anali asanu: Benedeta, a Josephine, amayi ena awiri a gululo, ndi a Frackson, bambo wachikulire, mmisiri wa nyumba, amene anthu ankawaseka kuti analowa gulu la amayi. Unali mwezi wa Okotobala chakumapeto. Tchire linali litapsa kale, ndipo masana alionse mitambo inkaunjikana chaku Mchinji, n'kubalalikanso osagwetsa kanthu.

Anapeza anthu atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi nyumba ya Benedeta. Nyumbayo inali ya njerwa, zipinda ziwiri, malata ake akunyezimira mpaka kupweteka m'maso. A Nickson anakhala pampando, ndodo yawo ili pakati pa miyendo. Pambali pawo panali achimwene ake a Isaki, omwe anali nkhoswe ya kuchimuna. Isaki mwini wake anakhala panjerwa, chipewa m'manja, mutu uli pansi ngati munthu wa pamaliro. Amayi aang'ono a Benedeta anali atayala mphasa chapatali pang'ono.

A Nickson anayang'ana alendowo. "Kodi awa tinawaitana?"

"Sitinabwere kudzalankhula, bambo," anatero a Josephine akukhala pansi. "Tangoperekeza wodwala."

A Nickson sanali munthu woipa. Ndiwo analera Benedeta amayi ake atamwalira, ndiwo anamuonetsa malo omanga nyumbayo. Koma miyendo inali itayamba kuwakana, ndipo ngolo ya Isaki ndiyo inkawatutira chimanga, manyowa ndi fodya, nthawi zina n'kuwanyamula iwo eni kupita kuchipatala. Mkamwini wa ngolo sachoka pamudzi mofanana ndi mkamwini wa manja okha.

Achimwene ake a Isaki analankhula nthawi yaitali. Anati mano ndi lilime zimalumana koma zimagona m'kamwa mumodzi. Anati mng'ono wawoyo walira usana ndi usiku, wasiya ndi mowa womwe. Anati mlandu wa m'nyumba ukafika kwa majisitireti, wopindula ndi wa kabaza yekha. Potsiriza anamasula thumba limene linali panjinga yawo, n'kutulutsa tambala wofiira, womanga miyendo, n'kumuika pakati pa bwalo.

Mwambo wake aliyense ankaudziwa. Mkazi akalandira nkhukuyo n'kuiphika, ankhoswe a mbali zonse n'kudya, ndiye kuti mlandu wadyedwa limodzi ndi nkhukuyo. Wodzauyambitsanso amakhala wolakwa ndi iyeyo. Zikatero, Lolemba Benedeta anayenera kupita kupolisi kukanena kuti takambirana kunyumba.

"Wamva, mwana iwe," anatero a Nickson. "Anzathu adzichepetsa. Nyamula nkhukuyo."

Benedeta anayang'ana tambalayo. Nkhukuyo inkapuma mwa wefuwefu, mlomo uli yasa ndi kutentha.

"Atsibweni, ndifunse nawo."

"Funsa."

"Nkhukuyi ndiisosole ndi dzanja liti?"

Amayi aang'ono anasendera pafupi n'kumugwira pabondo. "Tikuthandiza ife, kusosola si nkhani."

"Ayi, amayi, mwambo umati aphike ndi mkazi. Yoyamba ija ndinaphika ndekha, ya dzino ili." Anakweza mlomo ndi chala kuonetsa gweru. "Yachiwiri inali ya khutu lomwe silimvanso bwinoli. Munadya nonse, nthutumba ndinakupatsani inu atsibweni, munati ndimatha kuphika. Lero yabwera ya mkono." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Kodi bambo a Sara, m'kholamo mwatsala zingati? Ndikufuna ndiione ya maliro anga ndikadali ndi maso."

"Benedeta, pakamwa apo," anatero a Nickson, koma maso awo anali pa ndodo. Patapita kanthawi anafunsa motsitsa: "Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna nyumba yanga. Awa abwerere kwawo ku Chiwamba. Zotsalazo tikakumana kukhoti."

Apa Isaki anadzutsa mutu. Nkhope ya pamaliro ija inali itachoka. Anaseka pang'ono n'kuvala chipewa.

"Nyumba yako, eti? Dothi ndi lanu, sindikana. Njerwa zitsale, ndinaumba ndi dothi lanu. Koma malata awo ndi anga. Chitseko ndi changa, ndi loko yemwe. Ndikamachoka ndichoka nazo. Tiona ngati anzako a tomatowa adzakufunditse zitenje zawo mvula ikabwera."

Anthu onse anayang'ana kumwamba ngati atumidwa. Zimenezi sizinali zachilendo m'midzi imeneyi: mkamwini wochotsedwa amapita ndi chilichonse chimene angathe kuzula. Benedeta ankadziwa amayi awiri atatu amene anapirira zaka ndi zaka chifukwa cha malata okha. M'nyumbamo munali matumba a chimanga chofikitsa ku Febuluwale. Sara anali wa chifuwa, mphepo pang'ono ankatsokomola sabata yathunthu. Ndipo malatawo iye ankawakonda. Anasoka fodya wowagulira mpaka zala kuda bii, ndipo tsiku lokhoma analuluta mudzi wonse kumva.

Benedeta anamva phewa la a Josephine litatsamira lake.

"Chotsani," anatero.

"Wati chiyani?"

"Ndati chotsani, bambo a Sara. Hamala ili pawindo, pomwe mumaisiya."

Isaki anayang'ana achimwene ake, anayang'ana a Nickson, kudikira kuti wina amugwire. Achimwene akewo anati, "Isaki, taima kaye," koma iye anali atanena pagulu, ndipo kubwerera kunali kovuta kuposa kukwera. Anabwera ndi makwerero kuchokera kuchigafa cha fodya, n'kukwera.

Msomali woyamba unalira ngati mwana wa nkhumba. Wachiwiri chimodzimodzi. Lata loyamba litamasuka, Isaki analigwira m'mwamba nthawi yaitali, akuyang'ana pansi pa mtengo wa mango. Ankayembekeza kuti mkazi wake adzuka, agwada, ati basi ndamva. Benedeta anangosuntha pang'ono kutsata mthunzi.

A Josephine anamuyandikira kukhutu lomwe linkamva. "Make Sara, ndikuuzeni kuti mudziwe, kenako musankhe. Malata awa muli nalo gawo. Fodya munalima awiri. Ndikhoza kuimba foni kupolisi pompano, abwere amuletse mpaka khoti lidzagawe. Nyumba yogona mwana sasasula chisawawa."

Foni inali kale m'manja mwawo. Benedeta anaiyang'ana, mtima ukumukoka. Kungoti inde, denga likanatsala. Lata lachiwiri linatsetsereka n'kugwa pansi ndi phokoso, nkhuku za pamudzi n'kubalalika.

"Akawasiya pamenepo azibwera," anatero Benedeta.

"Mukutanthauza chiyani?"

"Lero adzati ndadzaona ngati malata anga sakuchita dzimbiri. Mawa adzati msomali wina wazuka. Atsibweni adzati mupatseni mpando, mwini denga wabwera. Ndimawadziwa, amayi, ndakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri. Asiyeni atenge. Asasiye ngakhale msomali woti adzaufunse."

A Josephine anamanganso foni ija pansonga ya chitenje. "Chabwino. Koma za gawo lanu tikazinena kukhoti. Zimenezo ndidzakukumbutsani ngakhale mundikwiyire."

"Mudzandikumbutse."

Achimwene ake a Isaki anatola tambala uja n'kumubwezera m'thumba, osatsanzika bwino. A Nickson anadzuka movutikira, natsamira ndodo. "Wandivula pamaso pa alendo, mwana iwe," anatero, n'kumapita kwawo pang'onopang'ono.

Pofika masana Isaki anali atamanga ng'ombe pangolo. Anakweza malata, chitseko, matiresi, njinga ndi keni yothirira. Thukuta linali litamunyowetsa malaya onse, dzanja lina likutuluka magazi pomwe lata linamucheka. Podutsa pamtengo wa mango anaimitsa ngolo.

"Udzandifuna."

"Kokani ng'ombe zanu, zikudya mpanda wa eni," anatero Benedeta.

Ngolo itazimiririka kuseri kwa mabulugamu, iye anadzuka n'kulowa m'nyumba. Dzuwa linali litadzaza zipinda zonse. Anaona zinthu zimene sanazionepo: zisa za mavu pamwamba pa khoma, kasupuni ka Sara komwe kanasowa chaka chatha, mng'alu wautali pangodya. Anakhala pathumba la chimanga n'kulira, ndipo amayi a gulu aja anamusiya alire mpaka anamaliza yekha.

A Frackson anali akuzungulira panja, akuyeza ndi maso. Atalowa anakanda m'mutu.

"Vuto lilipo, amayi. Denga la malata limakhala logona. Mukafolera udzu pamapaso amenewa, madzi sangatsike, adzangolowa. Tiyenera kukweza mtanda wapakati. Mitengo ndipeza, pepala lakuda loyala pansi ndili nalo lina lotsala. Koma udzu." Anapukusa mutu. "Udzu amamweta Juni. Panopa tchire ndi phulusa. Amene ali nawo akusungira zigafa zawo."

"Sitipempha denga kwa munthu mmodzi," anatero a Josephine. "Tipempha mtolo umodzi pakhomo."

Lamulungu a Josephine analengeza kutchalitchi kwawo atamaliza mapemphero, ndipo a Frackson, omwe anali a Katolika monga Benedeta, ananena kumphakati. Amayi awiri aja anayenda khomo ndi khomo. Si onse anawalandira. Bambo wina anati udzu wake sufolera nyumba ya mbeta yodzifunira. Mayi wina anati akapereka, mwamuna wake adzati nayenso wayamba maphunziro a ogwetsa mabanja. Koma Lolemba mitolo inayamba kufika, wina pamutu, wina panjinga, wina wakale wakuda wochoka pakhola. Mayi wina wachitsikana, amene Benedeta ankangomudziwa nkhope, anabwera ndi mtolo wake kudzera kuseri kwa minda. Anautula n'kupempha kuti asamutchule. Sanachoke msanga. Anaima pafupi ndi a Josephine akupotokola chitenje, kenako anafunsa motsitsa kuti kodi nyumba yawo ija ili mbali iti ya msika. A Josephine anamulongosolera bwinobwino, mpaka mtundu wa chitseko, osamufunsa chifukwa.

Masiku amenewo Benedeta ankagona kwa a Josephine, m'mawa n'kulawirira kumudzi. Ankatunga madzi oviika luzi, ankasankha udzu wowola, ankasesa misomali yopindika kuti Sara asadzaiponde. Lachitatu a Frackson ndi amuna ena awiri a gululo anali atakweza mtanda, atayala pepala, atafolera chipinda chimodzi mpaka pamwamba. Mitolo inathera pamenepo. Chipinda chachiwiri chinali mapaso okhaokha, thambo likuoneka.

Tsiku limenelo mitambo sinabalalike. Inada kuyambira m'mawa, mphepo n'kumanunkha dothi.

A Nickson anatulukira chakumasana. Kuyambira Loweruka sanalankhule ndi mwana wa mlongo wawoyo. Anaima patali, akuyang'ana denga, nkhope ili gwaa.

"Luzi limenelo simunaliviike mokwanira," anatero kwa a Frackson. "Lidzaduka Disembala asanathe."

"Kwerani mutionetse, achimwene," anayankha a Frackson ali pamwamba.

"Ndikwere ndi miyendo iti?" Anagogoda ndodo pansi. Anayang'ana chipinda chosafoleracho, anayang'ana mitambo, kenako anayang'ana Benedeta, yemwe anali atagwada pambali kuwalonjera. Sanamuyankhe moni.

"Kuseri kwa khola langa kuli udzu," anatero ngati akuuza mtengo. "Ndimasungira chigafa. Koma fodya chaka chino ndimututa ndi chiyani? Ngolo inapita ku Chiwamba. Pitani mukatenge ndisanayambe kuganiza."

"Zikomo, atsibweni."

"Usandithokoze. Sindinati wachita bwino. Ndangoti chimanga cha mlongo wanga chisawole ine ndikuona."

Amayi anathamanga. Mitolo inayamba kubwera iwiriiwiri, koma bingu linali litagunda kale kumadzulo, ndipo madontho oyamba, akuluakulu, anayamba kuboola fumbi la pabwalo. Anakokera matumba a chimanga kuchipinda chofoleracho. A Frackson anati ngakhale atafulumira bwanji, mbali inayo sangaimalize lero.

A Josephine anamukokera Benedeta pakhonde. "Tiyeni tibwerere kwathu, make Sara. Mawa amaliza, mkuja mudzalowe bwinobwino. Pano palibe ndi chitseko chomwe."

"Chitseko a Frackson aluka cha nsungwi, chili kuseriko, changotsala kumanga."

"Nanga munthu uja akabwera?"

"Amayi aang'ono ati agona nane mpaka tsiku la khoti. Mluzu woitanira anthu munandipatsa uja ndili nawo, ndipo nambala ya kupolisi ndinailoweza." Anayang'ana m'chipinda chofoleracho, mmene munali mdima wozizira ndi fungo la udzu. "Amayi, mwandisunga, sindidzaiwala. Koma mvula yoyamba indipeze kwathu. Anthu onsewa akuyang'ana kuti aone ngati ndithawe. Mayi uja wadzera kuseri kwa minda nayenso akuyang'ana."

A Josephine anamuyang'anitsitsa, n'kupumira m'mwamba. "Ndiye Sara?"

"Mvula ikangokata, mukanditengere. Mukamuuze kuti akubwera kwawo."

Mvula inatsika yeniyeni. M'chipinda chachiwiri munayamba kuyenda timitsinje, amayi aang'ono n'kumatchera ndowa ndi mabeseni, akuti madzi ochapira abwera okha. A Nickson anabisala pansi pa mtengo wa mango, akukalipirabe za luzi. A Frackson sanatsike. Anapukuta madzi kumaso n'kuitana kuti wina awapatsire mtolo.

Amayi onse anali atathawira pakhonde. Benedeta anavundikira chikhakha ndi jumbo, anamanga ndi mano, n'kutuluka. Anagwira mtolo ndi dzanja lamanzere, nauguza m'matope mpaka pamakwerero, nauimika ndi phewa.

"Mukudwala inu, bwererani," anatero a Frackson.

"Landirani uwu kaye," anatero Benedeta. "Ndikukatenga wina."